Anasiya banjo n'kutola kompyuta: ulendo wa The Band Perry kuchoka ku country kupita ku pop

Kuno kwathu nyimbo za country sitizifunsa kwawo. Zikamalira m'basi ya usiku, kapena pa wayilesi Lamulungu masana anthu atakhuta, timangoti ndi nyimbo zozizira, za akuluakulu. Don Williams, Kenny Rogers, Dolly Parton ndi Jim Reeves timawaponya m'dengu limodzi ndi Lionel Richie ndi Celine Dion, ndipo palibe amene amakwiya nazo. Ku America si choncho. Kumeneko country ndi mudzi wokhala ndi mafumu ake, malire ake ndi miyambo yake, ndipo woimba wofuna kusamuka m'mudzimo ayambe waganiza mofatsa. Ana atatu a banja la Perry, amene gulu lawo limatchedwa The Band Perry, anasamuka ali pachimake pa kutchuka, ndipo zimene anakumana nazo zimaonetsa poyera mmene msika wa nyimbo wa dziko limenelo unamangidwira.

Atatuwa ndi a bere limodzi: Kimberly, yemwe ndi wamkulu komanso wotsogolera nyimbo, ndi alongo ake awiri, Reid woimba besi ndi Neil woimba mandolini. Anakulira ku Mobile m'chigawo cha Alabama, kenako banja linasamukira ku Greeneville, ku Tennessee. Mu 2009 anasayina mgwirizano ndi Republic Nashville, nthambi ya kampani ya Big Machine ya Scott Borchetta, kampani yomweyo imene panthawiyo inkasunga Taylor Swift. Dzina la mtsikana ameneyu mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Chimene chinawatchukitsa ndi nyimbo yotchedwa "If I Die Young", imene Kimberly anapeka yekha ndipo inatuluka mu 2010. Ndi nyimbo ya maliro, kunena mosabisa: mtsikana akulongosola mmene adzamuikire akadzamwalira ali wamng'ono. Mulibe phokoso. Muli banjo, mandolini, vayolini ndi mawu a anthu atatu amene anakula akuimbira m'nyumba imodzi, mawu ogwirana mwanjira imene anthu osabadwa pamodzi amavutika kuifikira. Mu kanema wake, alongo awiri aja akumugoneka Kimberly m'bwato, iye atafumbata buku la ndakatulo za Tennyson pachifuwa, n'kulikankhira bwatolo pamadzi. Nyimboyi inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa country. Chaka chotsatira anaikonzanso pang'ono kuti ilowe m'mawayilesi a pop, ndipo inakwera mpaka pa nambala 14 pa Billboard Hot 100, mndandanda umene umasonkhanitsa nyimbo za zamba zonse. Kumapeto kwa 2011 bungwe la Country Music Association linawapatsa mphoto zitatu: ya nyimbo yopekedwa bwino, ya nyimbo yojambulidwa bwino, ndi ya oimba atsopano.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachiphonya akamakamba za gululi. The Band Perry inali itafika kale kwa omvera a pop mu 2011, isanalengeze chilichonse, isanasinthe chovala ngakhale chimodzi. Inafikako ndi nyimbo ya maliro ya kumudzi. Zimene inachita pambuyo pake kunali kufunafuna khomo la nyumba imene inali italowamo kale kudzera pazenera.

Kuti timvetse chifukwa chake nkhani ya zamba ili yaikulu chonchi, tiyambe ndi wayilesi. Kwathu kuno wayilesi imodzi imakupatsa nyimbo zauzimu m'mawa, za makolo masana, za achinyamata madzulo. Ku America wayilesi yamalonda imasankha chamba chimodzi n'kukhala pomwepo usana ndi usiku, chifukwa otsatsa malonda amafuna kudziwa bwino kuti uthenga wawo ukufika kwa yani. Mawayilesi oimba country yekhayekha alipo oposa 2,000. Kuchokera pamene lamulo la mu 1996 linamasula makampani kuti azigula mawayilesi ochuluka mmene angathere, ambiri mwa aakuluakulu anagwera m'manja mwa makampani owerengeka monga iHeartMedia ndi Cumulus. Tanthauzo lake n'lakuti anthu ochepa kwambiri, osankha nyimbo m'makampani amenewa, ndiwo amagamula zimene mamiliyoni a anthu amve akamapita kuntchito.

Ndiye pali mwambo umene woimba watsopano wa country sangauthawe. Asanatchuke amakwera basi miyezi ingapo, kuyendera mawayilesi amodziamodzi. Amalowa m'kachipinda ka misonkhano atanyamula gitala, n'kuimbira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene akudya chakudya chamasana, ena maso ali pa foni. Akatha amagwirana nawo chanza, kujambulitsa nawo zithunzi, kusunga pamtima dzina la aliyense kuti akadzakumananso adzamutchule. Zikufanana ndi mlendo wopempha malo: sungolowa m'mudzi n'kuyamba kusosa, umayamba waonekera kwa amfumu. Osankha nyimbo aja akakulandira amakhala nawe zaka zambiri. Nyimbo yako amaikweza pang'onopang'ono, nthawi zina miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo ngakhale utatulutsa ina yofooka amakudikira. Koma nawonso amayembekezera kuti uzioneka kumisonkhano yawo ku Nashville, mzinda umene ndi likulu la nyimbo za country, uziimba pa zochitika zawo, uzikawathokoza ukalandira mphoto. Akakuona kuti maso ako ali ku Los Angeles, kuchimake kwa pop, amadzifunsa kuti nanga ife tinavutikiranji.

Mkangano umenewu sunayambe dzulo, ndipo apa pali chinthu chimene chingadabwitse madala athu okonda Jim Reeves. Country wofewa uja timamutenga ngati weniweni, wa makedzana, nayenso anabadwa pofuna kukopa omvera a pop. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 rock and roll anali atalanda achinyamata, malonda a country akugwa. Ojambula nyimbo awiri a ku Nashville, Chet Atkins wa ku RCA ndi Owen Bradley wa ku Decca, anachotsa vayolini wa kumudzi wokwekwesa uja ndi gitala wobuula amene amamutcha steel guitar, m'bale wake wa hauyani amene a Ndiche Mwarare ankaimba kuno. M'malo mwake anaika piyano, magulu a mavayolini osalala ndi oyankhira a mawu ofewa. Jim Reeves, amene poyamba ankaimba mokweza ngati anzake onse a ku Texas, anatsitsa mawu n'kuyandikira maikolofoni. Nyimbo yake "He'll Have to Go" inakhala masabata 14 pa nambala 1 ku country mu 1960, n'kufikanso pa nambala 2 ku pop. Kusalala kumeneko n'kumene kunamufikitsa kutali, mpaka kudzaimba ku South Africa mu 1962, ndi kukhazikika m'nyumba za makolo athu. Okonda country wakale panthawiyo ankati amenewa agulitsa mwambo.

M'zaka za m'ma 1970 zinafika poipa. Mu 1974 mphoto ya woimba wamkazi wa country inapita kwa Olivia Newton-John, wobadwira ku England n'kukulira ku Australia, ndipo oimba ena akale anakwiya mpaka kukumana kunyumba kwa George Jones ndi Tammy Wynette n'kuyambitsa bungwe lawolawo. Chaka chotsatira Charlie Rich, atapatsidwa envelopu kuti alengeze wopambana mphoto yaikulu, anawerenga dzina la John Denver, n'kutulutsa choyatsira fodya, n'kutentha pepalalo anthu akuonera pa kanema. Dolly Parton anali wochenjera kuposa onsewa. Atapita kukajambula "Here You Come Again" ku Los Angeles mu 1977, anaumirira kuti muikidwe steel guitar, kuti wina akadzamunena kuti wathawa kwawo adzakhale ndi choloza. Ankanenanso poyera kuti sakuchoka ku country, akungoyenda naye. Kenny Rogers naye anapeza imodzi mwa nyimbo zake zazikulu mu 1980 kuchokera kwa Lionel Richie, choncho dengu lathu lija silinalakwe kwenikweni.

Njira ya Dolly ndi imene magulu amene zinawayendera anatsata. Bandi imakhala m'mudzi, nyimbo yokha ndiyo imatumidwa kutsidya, itavekedwa malaya ena. Gulu la Lonestar linatero ndi "Amazed": inakhala masabata 8 pamwamba ku country mu 1999, kenako anaisakanizanso kuti steel guitar asamveke kwambiri, ndipo mu 2000 inafika pa nambala 1 pa Hot 100. Nyimbo ya country inali isanafikeponso pamenepo chiyambire 1983, pamene Kenny Rogers ndi Dolly Parton anatero ndi nyimbo yopekedwa ndi a Bee Gees. Lady Antebellum, gulu la anthu atatu limene tsopano limatchedwa Lady A, linafika pa nambala 2 ndi "Need You Now" mu 2010, n'kudzakolola mphoto zisanu za Grammy chaka chotsatira. Florida Georgia Line anaitana Nelly, woimba rap, kuti adzaikemo mawu mu "Cruise" mu 2013. Shania Twain, ngakhale iye si gulu, anafika pojambula nyimbo zomwezo katatu pa chimbale chake cha mu 2002: mbale yobiriwira ya okonda country, yofiira ya okonda pop, ndi yabuluu yokhala ndi zing'wenyeng'wenye za ku India. Onsewa, ngakhale ena ankanyozedwa kuti akusukulutsa chamba, sanatsanzike ku Nashville. Mmawa wake ankapezekanso pa wayilesi ya country akuseka ndi owulutsa mawu.

Mu Okutobala 2012 magazini ya Billboard inathira mafuta pamoto. Inasintha kawerengedwe ka mndandanda wake waukulu wa country kuti uziphatikiza malonda a pa intaneti, kumvera kwa pa intaneti, komanso kuseweredwa pa mawayilesi a zamba zonse. Kuyambira pamenepo nyimbo ya country imene ikukondedwa ku pop inkatha kukhala pamwamba miyezi, ngakhale mawayilesi a country atatopa nayo. "Cruise" inakhalapo masabata 24. Kenako Florida Georgia Line yomweyo, itaimba ndi Bebe Rexha wa ku pop, inakhalapo masabata 50. Woimba aliyense wa ku Nashville wodziwa kuwerenga manambala anaona kumene ndalama zikuchokera.

Ndiye kunabwera Taylor Swift. Mu 2014 anachita chimene Dolly sanayerekeze: ananena mosapsatira kuti chimbale chake chatsopano, 1989, ndi cha pop kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, ndipo sanatumize nyimbo ku mawayilesi a country. Chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi sabata yoyamba yokha. A Perry ankaona zonsezi ali m'khola limodzi ndi iye. Iwonso zinthu zinkawayendera: chimbale chawo chachiwiri, Pioneer, cha mu 2013, chinabala nyimbo ziwiri zofika pa nambala 1, ndipo kumayambiriro kwa 2015 analandira Grammy chifukwa choimbanso nyimbo yakale imene Glen Campbell anatchuka nayo. Pioneer chinali kale ndi magitala amagetsi olusa, ndipo pa zoimbaimba zawo ankaponyamo ndi nyimbo za Queen. Choncho kunena kuti pop anangowagwera ngati chimfine n'kuwanamizira. Njala yofuna bwalo lalikulu anali nayo kuyambira kale.

Mu Ogasiti 2015 anatulutsa "Live Forever", imene anapanga mothandizana ndi RedOne, katswiri wobadwira ku Morocco amene anajambula nyimbo zoyamba zotchuka za Lady Gaga. Ndi nyimbo ya m'bwalo la masewero, ya ng'oma zikuluzikulu ndi makolasi ofuula, moti timu ya America inadzaitenga kukhala nyimbo yake pa masewero a Olympics a ku Rio mu 2016. Koma anaitumiza ku mawayilesi a country, ndipo kumeneko inakanirira panjira, osafika ndi pa nambala 20 pomwe. Kwa gulu lozolowera nambala 1, uku kunali kugwa. Chimbale chimene anali atalengeza kale, Heart + Beat, chinayamba kuimikidwaimikidwa mpaka chinazimirira. Mu Malichi 2016 anasiyana ndi Big Machine.

Chimene anachita pambuyo pake ndi chimene ine ndimachiona ngati phata la vuto lonse. Anasayina ndi makampani awiri nthawi imodzi, onse a m'banja la Universal: Interscope ya ku California kuti iziyendetsa za pop, ndi Mercury Nashville kuti iziyendetsa za country. Papepala zinkaoneka zanzeru. Koma akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mu Ogasiti 2016 anatumiza ku mawayilesi a country nyimbo yotchedwa "Comeback Kid", yoyankha anthu amene ankawanena, ndipo inachita moipa kuposa yoyamba ija. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, mu Febuluwale 2017, analengeza kuti tsopano akutulutsa chimbale chawo choyamba cha pop, My Bad Imagination, n'kutulutsa nyimbo yotsogolera, "Stay in the Dark". Maonekedwe anasintha, tsitsi linasintha, ndipo anthu amene anazolowera mabwalo akuluakulu anayamba kuimba m'makalabu ang'onoang'ono. Nyimboyo sinalowe n'komwe mu Hot 100. Chimbale chachiwiri cholonjezedwa nachonso sichinaoneke. Mu 2018 anachoka ku Interscope, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anatulutsa okha kachimbale ka nyimbo zisanu, Coordinates, kopangidwa ndi makina amagetsi, katswiri wojambula nyimbo Rick Rubin akuwaunikira. Womvera wosauzidwa sangadziwe kuti awa ndi ana aja a bwato ndi banjo.

Taganizani za munthu amene ankawakonda, mayi wa ku Ohio kapena Kentucky amene anaimba "If I Die Young" pa maliro a mwana wa mnzake. M'zaka zitatu wauzidwa kuti chimbale chikubwera, kenako sichikubwera. Kuti tikadali a country, kenako ndife a pop. Kuti china chikubwera, nachonso osabwera. Kuyambira 2013 mpaka gululo kudzapuma, sanalandirenso chimbale chathunthu ngakhale chimodzi. Munthu wotere sachita kukwiya. Amangopeza wina womumvera.

Nanga bwanji Taylor Swift zinamuyendera? Choyamba, iye sanasamuke usiku umodzi. Kuyambira 2008 nyimbo zake zinkaseweredwa kale mbali zonse ziwiri, ndipo chimbale chake cha mu 2012 chinali kale ndi nyimbo zopangidwa ndi Max Martin wa ku Sweden, mmisiri wamkulu wa pop. Pamene ankatsanzika n'kuti katundu wake yense ali kale kutsidya. Chachiwiri, omutsatira ake anali atsikana amene ankakula naye limodzi, okonda iyeyo osati chamba. Otsatira a Perry ambiri anali anthu a wayilesi ya country, amene ankakonda gululi chifukwa linali mbali ya mudzi wawo. Chachitatu, iye ananena kamodzi, momveka, ndipo chimbale chinatuluka pa tsiku limene analonjeza.

Palinso china chokhudza magulu pawokha, chimene sichikambidwa kawirikawiri. Pop wa masiku ano ndi wa nkhope imodzi. Nyimbo imamangidwa pa kompyuta ndi wojambula, woimba n'kudzaikapo mawu, ndipo ngakhale mawu oyankhira nthawi zambiri amakhala a woimba yemweyo atajambulidwa kangapo. M'nyumba yomangidwa chonchi, woimba mandolini agona chipinda chiti? Chuma cha The Band Perry chinali kugwirana kwa mawu a pachibale ndi kulira kwa zingwe. Zimenezo zitachotsedwa panatsala mtsikana wa mawu abwino, wopikisana ndi Ariana Grande, Selena Gomez ndi Rihanna pa bwalo lawo, ndi anyamata awiri oima kumbuyo. Ku country kukhala gulu ndi mwayi, moti kuli mphoto zapadera za magulu ndi za oimba awiriawiri chaka chilichonse. Ku pop gulu loimba ndi zida ndi katundu wolemera.

Komanso pop alibe mudzi. Kulibe Nashville wake, kulibe Grand Ole Opry, pulogalamu ya pa wayilesi ija yakhala ikuulutsidwa kuyambira 1925, kumene woimba wokalamba amakaimbabe n'kuomberedwa m'manja. Kulibe zionetsero za alimi za m'maboma zimene zimadyetsa woimba wa country zaka 20 pambuyo pa nyimbo yake yomaliza kutchuka. Ku pop nyimbo iliyonse imayamba payokha ngati mwana wamasiye, ndipo mphoto zako za ku Nashville palibe amazifunsa.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere ana atatuwa, chifukwa mudzi umene ankauthawawo nawonso uli ndi nkhanza zake. Chaka chomwe anatulutsa "Live Forever", mlangizi wina wa mawayilesi, Keith Hill, ananena poyera kuti wayilesi yofuna omvera ambiri ichepetse nyimbo za akazi, n'kuyerekeza amuna ndi masamba a saladi, akazi ndi matimati ongowaza pamwamba. Anthu anakwiya, koma iye ankangonena zimene zinkachitika kale. Inali nyengo imene mawayilesi anadzaza ndi anyamata oimba za magalimoto a pikapu, mowa ndi atsikana ovala zothina, nyimbo zimenenso zinali zodzaza ndi ng'oma za pa kompyuta ndi kalankhulidwe ka rap. Ndiye onani chilungamo chake: amuna ankabweretsa pop m'mudzi n'kumatchedwabe eni mudzi, pamene gulu lotsogoleredwa ndi mkazi litachita zofanana linauzidwa kuti lasochera. Kimberly akanakhala ndi chifukwa chomveka choganizira kuti tsogolo lake pa wayilesi ya country linali lopapatiza ngakhale akanakhala phee.

Ndipo mudziwu ukafuna kukutaya suchedwa. Gulu la akazi atatu la Dixie Chicks, limene tsopano limangotchedwa The Chicks, linali pamwamba pa onse mu Malichi 2003 pamene woimba wawo Natalie Maines ananena ali pa siteji ku London kuti akuchita manyazi kuti pulezidenti George W. Bush ndi wa kwawo ku Texas. Nkhondo ya ku Iraq inali pafupi kuyamba. Pasanathe masiku ambiri mawayilesi anasiya kuwaimba, kampani ya Cumulus inawaletsa kwa masiku 30 pa mawayilesi ake a country, ndipo anthu ena ankaphwanya zimbale zawo pagulu. Iwowa sanasamuke mwakufuna, anachita kupirikitsidwa. Chimbale chimene anajambula ndi Rick Rubin mu 2006 chinawapatsa ma Grammy asanu, koma wayilesi ya country sinawabwezerenso pamalo pawo. Kusiyana kwawo ndi a Perry n'kwakuti iwo anatuluka ndi nkhani imene dziko lonse linkaidziwa, ndipo anthu atsopano anabwera kudzaima nawo. A Perry anatuluka ndi chilakolako chokha choyesa zina, chimene si tchimo, koma sichisonkhanitsa khamu.

Chopweteka kwambiri pa nkhaniyi ndi nthawi. Pamene iwo ankapalasa bwato kupita kutsidya, mtsinje unali pafupi kutembenuka. Okonda country anachedwa kulowa pa Spotify ndi Apple Music, koma atalowa anabwera mwaunyinji, ndipo manambala awo anayamba kukankha nyimbo za country pa Hot 100 popanda kuzivula steel guitar kapena kupempha chilolezo ku mawayilesi a pop. Mu 2023 Morgan Wallen anakhala masabata 16 pa nambala 1, ndipo sabata ina mu Ogasiti chaka chimenecho malo atatu oyamba onse anali a oimba country. Mu 2024 ulendo unali wobwerera: Post Malone anapita ku Nashville kukajambula chimbale cha country, Beyoncé anatulutsa Cowboy Carter, ndipo Shaboozey, mwana wa makolo ochokera ku Nigeria, anakhala masabata 19 pamwamba.

Alonda a pachipata sanagone, komabe. Mu 2019 Billboard inachotsa "Old Town Road" ya Lil Nas X pa mndandanda wa country, ati mulibe country wokwanira. Beyoncé sanasankhidwe ngakhale pa mphoto imodzi ya Country Music Association mu 2024, ngakhale chimbale chomwecho chinadzapata Grammy ya chimbale chopambana zonse mu Febuluwale 2025. Post Malone, mzungu wochokera ku rap, analandiridwa ndi manja awiri. Ife a kuno tikamamva zimenezi timaseka chamumtima, podziwa kuti banjo imene akuitetezayo inapangidwa ndi akapolo ochokera ku Africa potengera zoimbira za kwawo, ndipo kuno anyamata akhala akuikhoma ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya kuyambira kalekale, a Alan Namoko n'kudzaimveketsa dziko lonse. Kugawa nyimbo za anthu a kum'mwera kwa America m'mitundu iwiri, za azungu a kumapiri uku, za anthu akuda uku, anayambitsa ndi makampani ogulitsa mbale m'zaka za m'ma 1920, pofuna kudziwa sitolo yoti atumizeko katundu.

Mu Malichi 2023 The Band Perry inalengeza kuti ikupuma kaye, aliyense ayende yekha. Kimberly anabwerera ku Nashville, ndipo nyimbo yake yoyamba payekha inali gawo lachiwiri la "If I Die Young", loimbidwa ndi mayi woyembekezera amene akuyang'ana m'mbuyo zimene analemba ali mtsikana. Zingwe zinabwereramo. Sinagwedeze mindandanda, pakuti zaka khumi ndi nthawi yaitali pa wayilesi, ndipo m'kachipinda ka misonkhano kaja munali mutadutsa ana ena ambiri ndi magitala awo. Mu 2025 dzina la gululi linadzukanso, Neil palibe, m'malo mwake munalowa mwamuna wa Kimberly, Johnny Costello. Kampani imene anasayina nayo ndi Big Machine, yomwe ija anaitsanzika mu Malichi 2016.